Papa Wopanda Chithunzi

Abambo mfumu anandipatsa kapepala kong'amba m'kope,
mizere isanu ya bolopeni yofiira:
Anali kapolo.
Anaswa miyala m'migodi ya pachisumbu.
Anaweta Mpingo zaka zowerengeka, mobisala.
Ankamunena kuti amakhululuka msanga.
Anamuika m'phanga kunsi kwa Roma.
"Mutisemere ameneyu, a Chikaonda, mvula isanagwe."
Ndinapempha chithunzi. Anaseka:
"Kalelo kunalibe wojambula."

Chipika cha muwanga ndinachikankha pawilibala
kuchokera kumsika wa Bembeke, nkhungu ili mbuu,
zala zitachita dzanzi ndi chisanu cha Juni.
Masabata atatu chinangokhala pakhonde,
nkhuku zikugonapo.
Kasemasema ndinanola, koma umayambira pati
munthu wopanda mphuno, wopanda chibwano,
amene dzina lake timalidutsa pamndandanda
ngati siteji imene basi siimapo?

Ndinayesa chisoti chachitali cha pakalendala,
mtengo unang'aluka.
Ndinayesa mphete.
Kapolo angaitenge kuti mphete?

Madzulo ena mayi a Velonika, akusankha kachewere wambewu,
ananena osadzutsa mutu:
"Woswa miyala simumdziwa inu?
Nanga anakuberekani uja ankatani ku Joni?"

Ndinakhala chete mpaka nyali inatha mafuta.

Gelevazio, bambo anga.
Anapita ndi Wenela ndevu zisanamere,
anabwera ndi bokosi lachitsulo, bulangete lofiira,
ndi chifuwa chimene chinkatidzutsa tambala asanalire.
Wansembe akamatha miyezi itatu osafika,
mlatho utakokoloka,
ndiwo ankaimirira kutsogolo m'katchalitchi kaudzu,
buku lili m'manja mozondoka nthawi zina,
mawu onse ali pamtima.
Tsiku limene Sitefano Kamtedza anabwerako kudambwe
nadzaima pakhomo, chipewa chili pachifuwa,
akulu ampingo anati akhale panja zaka ziwiri.
Bambo anangosendeza thako pabenchi:
"Pansi pa nthaka ndinaona ine,
thanthwe likagwa safunsa kuti unali kuti dzulo.
Amangokukoka mwendo."
Anawatcha ofewa mutu. Ena anasiya kuwapatsa moni.

M'mawa mwake ndinayambira m'mapewa,
lamanja lotsika ndi kulemera kwa nyundo.
Zikhatho ndinazisiya zokhakhala, osapalapo,
chala chimodzi chachifupi.
Maso ndinawatsinzinitsa
ngati a munthu amene wangotuluka kumdima
ndipo dzuwa sakulikhulupirira.
Pakamwa pokha panandivuta masiku anayi:
ndinkafuna pakhale pa munthu woti ayankhula,
koma wayamba wadikira kuti chifuwa chidutse.

Za Roma ine sindidziwa.
Ndimamva kuti kuli nyumba zamiyala yoyera
ndi akasupe olavula madzi usana ndi usiku.
Koma ndikudziwa fungo la anthu ambiri
opemphera m'chipinda chopanda zenera,
wina ali pakhomo kumvetsera mapazi.
Ndikudziwa kuti mpando wa munthu wotere
unali mwala, kapena chitsa,
ndipo wolowa m'malo mwake ankaukhalira
akudziwa chimene chinachotsapo mnzake.

Tinakamuimika Loweruka, pambali pa khomo lakumadzulo.
Abambo mfumu anamuzungulira kawiri,
nagwira chala chachifupicho, osafunsa kanthu.
Lamulungu, anthu akutuluka mu Misa yoyamba,
Anaphiri a kwa Kamtedza, mkazi wa malemu Sitefano,
anaima, nayandikira, nabwerera pang'ono.
"Si Gelevazio uyu?"
Mwana wotumikira kuguwa anawerenga kachikwangwani:
"Ayi, ndi papa wakalekale, wa ku Roma."
Iwo anapukusa mutu, namasula mpango wa m'khosi,
nam'funditsa m'mapewa.
"Kaya ndi wakuti," anatero,
"kuno kumazizira, ndipo munthuyu ali ndi chifuwa."